Foni ikasokoneza njira paphiri: kuthetsa mavuto a GPS ndi mapu pokwera Mulanje

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa anthu otsika m'phiri la Mulanje ndi lakuti mapu a pafoni anawagwiritsa fuwa la moto. Ena amati mapu anazimiririka atangochoka ku Likhubula, kumene anthu amayambira kukwera phirili, ena amati batire inatha asanafike n'komwe panyumba yogona alendo ya Chambe, ndipo ena amati foni inawaonetsa njira pamalo pamene panali thanthwe lokhalokha. Mavuto amenewa amabwerezabwereza chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa iwo sachokera kwa masetilaiti monga mmene anthu amaganizira, koma amayambira kunyumba, tsiku limene munthu amalongedza chikwama osayesa foni yake. Zimene ndalemba panozi zikugwiranso ntchito ku Nyika, ku Zomba ndi ku Dedza, koma ndatenga Mulanje chifukwa kumeneko kulakwitsa ndi mamita 50 okha kukhoza kuika munthu m'mphepete mwa phompho.

Kadontho kalipo koma mapu palibe

Choyamba kumvetsa n'chakuti GPS ndi netiweki ya foni ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masetilaiti a GPS, amene ndi a dziko la America, amazungulira dziko ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo amangoulutsa uthenga wa nthawi ndi malo amene ali. Foni yanu imangomvetsera, situmiza kanthu, ndipo ikamva masetilaiti osachepera anayi imawerengera yokha pamene muli. Mafoni ambiri a masiku ano amamvanso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a ku China. Zonsezi sizifuna bandulo, sizifuna mayunitsi, ndipo zimagwira ntchito ngakhale mutachotsa simu khadi.

Chimene chimafuna intaneti ndi chithunzi cha mapu chimene kadontho ka buluu kosonyeza pamene muli kamakhalapo. Ngati sikirini ikuonetsa kadonthoko pakati pa malo otuwa opanda mtsinje kapena njira, ndiye kuti GPS ikugwira ntchito bwinobwino, koma mapu a deralo sanasungidwe m'foni. Vuto limeneli silingathetsedwe muli paphiri, ndipo n'chifukwa chake ndalitchula poyamba. Muli kunyumba kapena kuntchito, pamene pali intaneti yodalirika, sungani m'foni mapu onse a dera limene mukupitako. Mukatero ikani foni pa Airplane mode, tsekani pulogalamu ya mapu, itseguleninso, kenako yang'anani nsonga ya Sapitwa, nyumba zogona za Thuchila ndi Sombani, komanso malo otsikira a Fort Lister moyandikitsa kwambiri. Zikaoneka zonse bwino, mapu alimodi. Anthu ambiri amanamizika chifukwa foni imakumbukira kwakanthawi malo amene munawayang'ana dzulo, koma zimenezi zimafufutika nthawi ina iliyonse popanda chenjezo.

Pa nkhani ya pulogalamu yoyenera, Google Maps ndi yabwino pamsewu wa M2 wopita ku Muloza, koma sinapangidwire oyenda m'mapiri. Mapu ake osungidwa m'foni sapereka njira ya oyenda pansi popanda intaneti, ndipo tinjira tambiri ta pamwamba pa phiri mulibemo. Mapulogalamu otenga mapu awo ku OpenStreetMap, monga OsmAnd ndi Organic Maps, amasunga dziko lonse la Malawi m'foni ndipo amatha kuonetsa mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Mizere imeneyi m'mapulogalamu ena imatsitsidwa payokha, choncho onetsetsani kuti ilipo, chifukwa mapu a phiri opanda mizereyi sasiyanitsa dambo ndi phompho. Ine ndimakonda kukhala ndi mapulogalamu awiri, kuti ina ikakana kutseguka ina ikhalepo.

Kadontho kakuchedwa kubwera, kapena kakulumphalumpha

M'tauni foni imapeza malo anu m'masekondi ochepa chifukwa imatenga pa intaneti uthenga wonena kumene masetilaiti ali, komanso imathandizidwa ndi nsanja za netiweki ndi Wi-Fi. Paphiri thandizo limeneli palibe, ndipo foni imayenera kumvetsera uthengawo kuchokera kwa masetilaiti enieniwo, amene amautumiza pang'onopang'ono kwambiri. Pamalo oyera bwino zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, koma ngati chipangizocho chakhala chozimitsidwa kwa nthawi yaitali, kapena mwayenda nacho mtunda wautali chili chozimitsidwa, zikhoza kutenga mphindi zingapo. Uthenga wonse wa malo a masetilaiti onse umatenga mphindi 12 ndi theka kuti uulutsidwe. Cholakwika chimene anthu amachita ndi kutopa, kuzimitsa foni ndi kuiyatsanso, zimene zimangobwezera ntchitoyo pambuyo. Imani pamalo pamene thambo likuoneka mbali zonse, gwirani foni patali pang'ono ndi thupi, ndipo dikirani osayenda.

Ngati mwadikira koma palibe chikuchitika, yang'anani zinthu zitatu m'makonzedwe a foni. Location iyenera kukhala yoyatsa, pulogalamu ya mapu iyenera kukhala ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo chilolezocho chikhale cha malo enieni, chimene mafoni atsopano amachitcha Precise location, osati cha malo ongoyerekeza.

Kulumphalumpha kwa kadontho ndi nkhani ina. Pamalo oyera foni imalakwitsa ndi mamita pafupifupi asanu, koma m'munsi mwa khoma la thanthwe ngati la Chambe, kapena m'khwawa lakuya la mtsinje, theka la thambo limabisika ndipo uthenga wina umafika utayamba wagunda pathanthwe n'kubwerera. Uthenga wotere umayenda mtunda wautali kuposa woyenera, ndipo foni imakuikani tsidya lina la mtsinje pamene simunawoloke. Nkhalango yowirira ya m'makwawa, makamaka masamba akanyowa, imafooketsanso uthengawo. Mitambo ndi chifunga sizitsekereza GPS, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira chifukwa ndi nthawi ya chifunga pamene foni imafunika kwambiri. Mapulogalamu ambiri amajambula kabwalo kotuwira kuzungulira kadontho. Kabwaloko ndi foni ikukuuzani kuti muli penapake mkati mwake, ndipo kakakula musasankhe njira potengera kadontho mpaka mutafika poyera ndipo kabwaloko katachepa.

Musadabwenso ngati nambala ya kutalika kwa malo sikugwirizana ndi mapu. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, koma foni ikhoza kuonetsa nambala yosiyana ndi mamita makumi angapo, chifukwa GPS imalakwitsa kwambiri poyeza kukwera kuposa poyeza malo. Mawotchi ndi zipangizo zoyeza kutalika pogwiritsa ntchito kulemera kwa mpweya zimasinthanso nyengo ikasintha, choncho zikonzeni nthawi iliyonse mukafika panyumba imene kutalika kwake kwalembedwa pamapu.

Muvi ukuloza kolakwika

GPS imadziwa pamene muli, koma mukaima sidziwa kumene mwayang'ana. Muvi umene umaloza kutsogolo umachokera ku kampasi ya mkati mwa foni, imene imasokonezeka ndi chitsulo ndiponso maginito. Chikwama cha foni chotsekera ndi maginito, pawabanki yogundana ndi foni, sipika, ngakhale chikwanje chimene mwanyamula, zonsezi zimapotoza muvi. Chotsani foni m'chikwamacho, italikitseni ku zitsulo, ndipo iyendetseni m'malere kangapo ngati mukulemba nambala 8. Mafoni ena otsika mtengo alibiretu kampasi, ndipo pa mafoni otere muvi umaloza bwino pokhapokha mukuyenda. Njira yosalephera ndi kuyenda mamita 20 kapena 30 molunjika n'kuona kumene kadontho kasunthira. Kampasi wamba ya singano ndi yopepuka, sifuna batire, ndipo ndimalangiza aliyense kuti akhale nayo.

Batire ikutha tsiku lisanathe

Chimene chimadya batire kwambiri paphiri si GPS ayi, koma kufunafuna netiweki ndi kuwala kwa sikirini. Foni ikakhala pamalo pamene netiweki ndi yofooka, imawonjezera mphamvu poyesa kulankhula ndi nsanja yakutali, ndipo imachita zimenezi tsiku lonse ili m'thumba. Ikani foni pa Airplane mode mukangoyamba kukwera, ndipo muziichotsapo kawiri kapena katatu patsiku pamalo okwera kuti mutumize uthenga. GPS imagwirabe ntchito. Chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo musayende mukuyang'ana foni. Itulutseni pamphambano, powoloka mtsinje, kapena pamene mwayamba kukayikira.

Kuzizira ndi mdani wachiwiri. M'miyezi ya June ndi July usiku wa pamwamba pa phiri umazizira mpaka udzu kuchita chisanu, ndipo batire ya foni ikazizira imalephera kupereka mphamvu, moti foni yoonetsa 30 peresenti ikhoza kuzima mwadzidzidzi. Mphamvuyo sinathe, ndipo foni ikafunda imayakanso. Masana isungeni m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, usiku gonani nayo m'zofunda, ndipo musaitchaje ili yozizira kwambiri chifukwa kutero kumawononga batire.

Nyumba zogona za paphiri musazidalire pa nkhani ya magetsi. Pawabanki ya 10,000 mAh sidzaza foni ya 5,000 mAh kawiri monga mmene manambala akuonetsera, chifukwa mphamvu ina imatayika potchaja. Yembekezerani kamodzi ndi theka, ndipo ngati ndi yogula pamsika yolembedwa manambala aakulu koma yopepuka m'manja, iyeseni kunyumba kuti mudziwe mphamvu yake yeniyeni. Tengani zingwe ziwiri zotchajira. Pa ulendo wa masiku anayi kapena asanu, monga wodutsa phiri lonse kuchoka ku Likhubula kukatsikira ku Fort Lister, chipangizo cha GPS cham'manja monga Garmin eTrex chili ndi ubwino woti chimagwiritsa ntchito mabatire a AA amene mungasinthe, chili ndi mabatani ogwira ntchito ngakhale m'mvula, ndipo chimasiya foni kuti ikhale ya mauthenga. Sikirini ya foni ikanyowa imasiya kumva chala, choncho foni ikhale m'kathumba ka pulasitiki kotseka bwino, ndipo mukhale ndi kansalu kouma.

Pali vuto lina lobisika logwirizana ndi batire. Mukauza pulogalamu kuti izijambula njira imene mukuyenda, mafoni ambiri a Android amaitseka mwakachetechete sikirini ikazima, pofuna kusunga mphamvu. Mukadzatsegula mumapeza mzere wowongoka wodutsa m'maphompho m'malo mwa njira yokhotakhota imene munayenda, ndipo mzere wotere sungakubwezeni. Pitani m'makonzedwe a batire, lolani pulogalamu ya mapu kuti izigwira ntchito mosaletsedwa, ndipo iloleni kuona malo anu ngakhale sikirini itazima. Yesani poyenda mphindi 30 kwanu komweko foni ili m'thumba, muone ngati mzere watsatira makona onse.

Mzere wa pamapu sukugwirizana ndi nthaka

Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse, chifukwa limachitika foni ikugwira ntchito bwino, batire ili yodzaza, ndipo munthu ali ndi chikhulupiriro chonse. Njira za pa OpenStreetMap zimajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, ena potengera ulendo wawo, ena poyang'ana zithunzi za m'mlengalenga. Mzere umodzimodzi ukhoza kuimira njira yotakata yopita ku Chambe, kanjira ka ocheka matabwa kothera m'nkhalango, kapena malo amene munthu wina anakwera ndi zingwe. Mapu sanena kuti mzerewo unajambulidwa chaka chiti. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri a phirili, ndipo moto wa chilimwe ndi udzu wa dzinja zimasinthanso maonekedwe a njira chaka chilichonse. Mtsinje umene pamapu ndi kamzere kowonda, mvula ikagwa kumtunda umadzaza m'kanthawi kochepa ndipo suwolokeka.

Fayilo ya GPX, yosunga mzere wa njira imene munthu anayenda, imene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp ilinso ndi malire omwewa. Ikuonetsa pamene iye anadutsa, pamodzi ndi pamene anasochera n'kubwerera, komanso zolakwika za foni yake. Musanaidalire, itseguleni pamapu a mizere ya kukwera kwa nthaka ndipo muitsatire ndi maso kuyambira poyambira mpaka pomaliza. Pamene mizere yathithikana ndi potsetsereka kwambiri, ndipo ngati njira ikudula mizere yothithikanayo molunjika, funsani amene anayendamo kuti pamalopo pali chiyani.

Njira ya ku Sapitwa kuchokera panyumba ya Chisepo ikusonyeza bwino mfundo imeneyi. Pamapu mtundawo umaoneka waufupi, koma njirayo imadutsa pamatanthwe otsetsereka, pakati pa miyala ikuluikulu ndiponso pansi pa ina mwa miyalayo, ndipo malo oyenera kudutsa nthawi zina ndi mpata wa mita imodzi kapena iwiri. GPS yolakwitsa ndi mamita asanu kapena khumi singakuonetseni mpata wotere. Zizindikiro za penti pamiyala ndi maso a munthu wodziwa njira ndi zimene zimadutsitsa anthu pamenepo. Mlendo wa ku Netherlands anasowa m'dera limeneli mu 2003, ndipo wina wa ku Brazil anamwalirako mu 2009, onse awiri akukwera popanda wowatsogolera. N'chifukwa chake ndimanena mosabisa kuti foni silowa m'malo mwa owongolera alendo amene amapezeka ku Likhubula ndi m'malo ena oyambira ulendo. Ntchito ya foni ndi kukuuzani pamene muli. Funso lakuti kutsogoloko n'kopitika kapena ayi limayankhidwa ndi nthaka imene mukuiona komanso munthu amene wakhala akuyendamo.

Mapu ndi nthaka zikatsutsana, imani ndipo yerekezani zinthu zitatu zimene sizisintha msanga: mbali imene madzi akuyenderera, mbali imene nthaka ikukwera, ndi nsonga ya phiri imene mukuiona. Zitatuzi zikagwirizana ndi kadontho koma njira palibe, ndiye kuti cholakwika ndi mzere wa pamapu, ndipo bwererani pamalo omaliza pamene njira inkaoneka bwino. Musadule njira molunjika kuti mukapeze mzere umene uli mamita 100 kumbali, pakuti pa Mulanje mamita 100 amenewo akhoza kukhala khwawa.

Nthawi imene pulogalamu imalonjeza nayonso isakunyengeni, chifukwa nthawi zambiri imachepetsa. Lamulo lakale la William Naismith wa ku Scotland, la mu 1892, limawerengera ola limodzi pa makilomita asanu alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kuchoka ku Likhubula kufika panyumba yogona ya Chambe mumakwera mamita pafupifupi 1,000, choncho kukwerako pakokha kumawonjezera nthawi yoposa ola ndi theka, osawerengera kupuma ndi kulemera kwa katundu. Mu June dzuwa limalowa isanakwane 5:30 madzulo. Werengerani mobwerera kuchokera pa nthawi imeneyo, ndipo gwirizanani musananyamuke ola limene mudzatembenuke ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.

Manambala a malo akukuikani kwina

Ngati mukugwiritsa ntchito mapu a pepala pamodzi ndi GPS, zimene ndi nzeru, mukhoza kupeza kuti malo alionse akusiyana ndi mtunda wofanana kulowera mbali imodzi. Chifukwa chake n'chakuti mapu akale a boma a 1:50,000 anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950, pamene GPS imagwiritsa ntchito WGS 84, ndipo pa manambala a mizere ya pamapu kusiyanaku kumafika mamita pafupifupi 300. Werengani m'mphepete mwa mapu anu kuti muone muyezo umene walembedwa, ndipo ngati chipangizo chanu chimalola, chisintheni kuti chifanane nawo. Pa dongosolo la mizere ya pamapu lotchedwa UTM, dera la Mulanje lili mu zoni 36, kum'mwera kwa equator.

Kalembedwe ka manambala kamasocheretsanso. Sapitwa ali pafupi ndi madigiri 15 ndi maminiti 57 kum'mwera, zimene m'kalembedwe ka madesimo ndi -15.95, chifukwa digiri imodzi ili ndi maminiti 60. Munthu akalemba -15.57 poganiza kuti n'chimodzimodzi, waloza malo a makilomita oposa 40 kumpoto. Akaiwala kachizindikiro kochotsera (-) kosonyeza kum'mwera kutsogolo kwa 15.95, malowo amakagwera ku Sudan. Gulu lonse ligwirizane kalembedwe kamodzi ulendo usanayambe, ndipo madesimo ndi osavuta kutumiza pa foni.

Chiperoni chikakupezani panjira

Chifunga cha chiperoni, chimene dzina lake limachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, chimabwera kwambiri pakati pa May ndi August ndipo chimatha kuphimba phiri m'mphindi zochepa. Chikafika, sonkhanani pamodzi, valani zofunda musanayambe kunjenjemera, kenako tsegulani mapu ndi kuika chizindikiro pamalo amene mwaimapo. Ngati mwakhala mukujambula njira kuchokera panyumba yogona, mzere wanu womwewo ndi wodalirika kuposa wina uliwonse, chifukwa mukudziwa kuti munadutsamo lero lomwe. Utsatireni mobwerera pang'onopang'ono, mukuyang'ana foni mutaima osati mukuyenda, ndipo mukafika pathanthwe lonyowa lotsetsereka limene simukuona mathero ake, dikirani kuti kuyere ngakhale kadontho katasonyeza kuti muli panjira. Musatsatire mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi, pakuti mitsinje ya Mulanje imatsika m'phiri kudzera m'mathithi.

Mukafuna thandizo, chotsani Airplane mode pamalo okwera amene mungafikepo bwinobwino ndipo tumizani SMS, chifukwa imadutsa ngakhale pamene netiweki ndi yofooka moti kuimba kapena WhatsApp sizingatheke. Lembani manambala onse awiri a malo, ya kum'mwera ndi ya kum'mawa, ndi madesimo osachepera anayi, nthawi, chiwerengero cha anthu, amene wavulala ngati alipo, batire imene yatsala, ndi ola limene mudzayatsenso foni. Tumizani kwa munthu amene munamusiyira ndondomeko ya ulendo wanu pamodzi ndi nambala ya ofesi ya zankhalango imene munalembetsako pokwera. Kumbali ya kum'mwera ndi kum'mawa kwa phiri foni nthawi zina imagwira netiweki ya ku Mozambique, choncho uthenga ukakana kupita, yang'anani dzina la netiweki pamwamba pa sikirini ndipo sankhani yanu pamanja. Uthenga ukapita, bwezerani foni pa Airplane mode, isungeni pofunda, ndipo khalani pamalo omwewo amene manambala ake mwatumiza mpaka ola limene munalonjeza kuyatsanso.